Chigamba chotchipa, maliro odula

Abale anga, pali ntchito ina m'dziko muno imene aliyense angayambe mawa m'mawa popanda womufunsa chikalata, chonsecho m'manja mwake mumadutsa miyoyo ya anthu ambirimbiri tsiku ndi tsiku. Ndikunena ntchito yomata matayala. Munthu akangopeza pampu, zitsulo ziwiri zovulira tayala, beseni la madzi ndi mthunzi wa mtengo m'mbali mwa msewu, basi kampani yatseguka. Chikwangwani chake ndi tayala lakutha lolembedwa ndi penti yoyera. Pitani ku Limbe, ku Ndirande, ku Biwi kapena ku Chibavi mukaone nokha m'mene anyamata akukhalira jijirijijiri ndi matayala kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa.

Sindikuwanyoza anyamatawa ayi. Ndi geni yaulemu, ndipo pakanapanda iwo bwenzi galimoto zambiri za m'tauni zitakhazikidwa pa miyala. Chikundidandaulitsa ine ndi m'mene ife eni galimoto, madalaivala ndi okwera timaionera nkhani ya tayala lobooka. Tikafika pa omata funso lathu loyamba limakhala lakuti, "Ndi zingati?" Lachiwiri ndi lakuti, "Mutha msanga?" Woti afunse ngati tayalalo ndi loyenera kumatidwa n'komwe, ameneyo ndiye sapezeka. Ine ndikuti pali chigamba chabwino chimene chimapulumutsa ndalama, komanso pali chigamba china chimene ndi juga yobetcherana miyoyo ya anthu. Mayi wa geni amene akukaoda katundu ndi mwana wa sukulu amene akupita ku holide ayenera kudziwa kusiyanitsa ziwirizi, pakuti iwowo ndiwo amakhala pamwamba pa matayalawo.

Vuto lathu linayambira pa njinga. Ambirife tinakula tikumata machubu a njinga ndi sulushoni ndi kachidutswa ka chubu chakale, ndiye tikaona tayala la galimoto timangoti ndi njinga yaikulu. N'zoonadi kuti tayala lopopa linatchuka chifukwa cha njinga, pamene John Boyd Dunlop anakonzera mwana wake tayala lotere ku Belfast mu 1888. Koma kuchokera pamenepo zinthu zinasintha. Mu 1946 kampani ya Michelin inatulukira tayala la mtundu wa radial, ndipo matayala pafupifupi onse a galimoto zing'onozing'ono ndi maminibasi lero ndi a mtundu umenewu, komanso ndi opanda chubu, aja timati tubeless. Pansi pa mphira imene imaponda msewu pali malamba a mawaya achitsulo. M'mbali mwa tayala, tinene kuti m'nthiti mwake, malamba amenewa safikamo. Muli ulusi wolimba ndi mphira yopyapyala yoti izitha kupindika. M'kati monse mwamatidwa kakhungu kosatulutsa mpweya, kamene kanalowa m'malo mwa chubu.

Tsono taganizirani ntchito imene chinthu chimenechi chimagwira. Galimoto yonse, anthu ndi katundu yemwe, imakhudza msewu pa malo anayi okha, ndipo malo alionse kukula kwake ndi ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Tayala la galimoto yaing'ono likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita awiri. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, ndiye kuti likuzungulira ka 14 pa sekondi iliyonse. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe, mtunda wopitirira makilomita 300, tayala limazungulira koposa ka 150,000, ndipo ulendo uliwonse likazungulira nthiti zake zimapindika n'kuwongokanso. Tengani waya muupinde ndi kuuwongola kangapo, muona kuti ukutentha, kenaka uthyoka. Chigamba chilichonse chimene mwalipira chiyenera kupirira kupindika konseko, pa phula lotentha la mu Okotobala, galimoto itadzaza.

Njira zomatira tayala lopanda chubu zilipo zitatu. Yoyamba ndi imene timaikonda tonsefe: mnyamata azula msomali, akulitsa bowo pang'ono, n'kusomekamo kachingwe ka mphira konata, kaja amati pulagi, tayala lili pa galimoto pomwepo. Mphindi zisanu sizikwana, mtengo wake ndi wochepa, dalaivala ulendo. Choipa chake n'chakuti palibe amene waona m'kati mwa tayalalo. Msomali wautali ukalowa mopendama umatha kukanda nthiti cham'kati, kunja osaoneka kanthu. Ngati galimoto inayenda kamtunda tayala litaphwa, limu imakhala itapera nthitizo, ndipo mukanalivula mukanapezamo fumbi lakuda la mphira yonyenyeka, chizindikiro chakuti tayalalo lafa. Pulagi imabisa zonsezi. Ntchito yake yoyenera ndi kukuchotsani pa tchire usiku kuti mukafike pamene pali zida, osati kuti muyende nayo chaka chathunthu.

Njira yachiwiri ndi kuvula tayala n'kumata chigamba cham'kati. Apa ndiye bola, chifukwa m'kati mwaonedwa ndipo mpweya sutulukanso. Koma bowo lija kunja limatsala lili yasa. Nyengo ya mvula madzi ndi matope zimalowa momwemo n'kukafika pa mawaya aja. Chitsulo chikakumana ndi madzi tonse tikudziwa zotsatira zake. Dzimbiri limadya mawaya pang'onopang'ono, mphira imayamba kulekana ndi malamba, mpaka tsiku lina pa liwiro chikopa chonse cha tayala chimasendeka ngati khungwa la mtengo.

Njira yachitatu ndi imene opanga matayala amavomereza. Tayala livulidwe pa limu, lionedwe bwinobwino m'kati ndi kunja, bowo liyeretsedwe, kenaka pamatidwe chigamba chokhala ndi kamchira, chooneka ngati bowa. Kamchirako kamadzaza bowo lonse kuti madzi asalowe, ndipo chipewa chake chimatseka cham'kati kuti mpweya usatuluke. Ku Britain anachita kulemba muyezo wake, BS AU 159, ndipo bungwe la opanga matayala ku America limanenanso zofanana. Malamulo ake si ovuta kuwasunga m'mutu. Bowo likhale chapakati pa mbali yoponda msewu. Muyezo wa ku Britain umati mukagawa mbaliyi panayi, magawo atatu apakati ndiwo omatika. Bowo lisakule kuposa mamilimita 6, kucheperako pang'ono kunenepa kwa pensulo. Zigamba ziwiri zisasanjikizane. Tayala likabooka m'nthiti kapena pa phewa pamene nthiti zimayambira, likatupa chotupa, likaonetsa mawaya, kapena likayenda litaphwa mpaka kuperesedwa, limenelo silimatidwa. Latha basi.

Nanga ife timachita chiyani? Tayala long'ambika m'nthiti timaliika chigamba chachikulu ngati mbale, ena amachita kuliwotcha ndi chitsulo cha moto kuti chilonda chisaoneke. Likakanika kusunga mpweya timalowetsamo chubu, kuiwala kuti chubu chimangosunga mpweya, sichilumikiza ulusi umene unaduka. M'kati mwa tayala la tubeless simosalala ngati mwa tayala lopangidwira chubu, choncho chubucho chimakhulana ndi tayala, kutentha kumawonjezeka. Chotupa chija timachitembenuzira m'kati kuti a trafiki asachione. Matayala a malole akuluakulu ali ndi akatswiri ake ndi makina ake okonzera mabala ena aakulu, koma imeneyo ndi nkhani ina, siyochitikira pansi pa mtengo wa mango ndi tayala la minibasi.

Wina anena kuti, "Inu a nyuzipepala mumalankhula ngati simugula ufa. Mukudziwa mtengo wa tayala latsopano?" Ndikuudziwa, ndipo dandaulo limeneli ndi loona. Mitengo ya mphira timalima konkuno, ku Vizara m'boma la Nkhata Bay, koma matayala a galimoto timaitanitsa kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa tayala unatsatira pambuyo ngati mchira, pamene malipiro a anthu anatsala m'mbuyo. Mwini minibasi akuona mafuta, inshuwalansi, sipeyala ndi ngongole. Dalaivala wapatsidwa ndalama yoti abweretse madzulo, ndipo ola lililonse limene galimoto yaima pa omata likudya m'thumba mwake. Munthu wotere ukamuuza kuti tayala ili litayeni, amakuona ngati mfiti.

Komabe tiyeni tiwerengere bwino, poti a geni masamu ndi anu. Chigamba cha bowa n'chodulirapo kuposa pulagi, ndipo chimadya nthawi yovula ndi kuveka tayala. Koma ziwiri zonsezi mtengo wake ndi kachigawo kakang'ono chabe ka mtengo wa tayala latsopano. Tayala labwino limene laponda msomali pakati, likamatidwa moyenera, limatha kuyenda mpaka mano ake kutha. Lomwelo mukalisomeka pulagi n'kuliiwala, dzimbiri likhoza kulipha lisanafike theka la moyo wake. Ndiye mwapulumutsa ndalama ya mbale ya nsima n'kutaya ndalama ya tayala. Wogulitsa tomato amadziwa kuti kuumira dengu labwino n'kunyamulira m'thumba ndi kutaya tomato yense. Bwanji nzeru yomweyi imatithawa tikafika pa galimoto?

Ameneyo ndi masamu a tayala lomatika. A tayala losamatika ndi owawa kuposa apa. Mbali imodzi ya sikelo ikani mtengo wa tayala limodzi. Mbali inayo ikani minibasi yogubuduzika, katundu wa amayi amene anatenga ngongole ku banki m'khonde atamwazika mu msewu, miyendo yothyoka, miyezi yogona m'chipatala geni itaima, mabokosi, ndi ana osiyira sukulu panjira. Mwini galimoto amene amati alibe ndalama ya tayala, ya maliro amaipeza, ngakhale pogulitsa galimoto yophwanyikayo kwa ogula zitsulo. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, kuti chiopsezo n'chachikulu mu Africa muno kuposa chigawo china chilichonse, ndiponso kuti ngozizi ndizo zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Ngozi zimadza ndi zifukwa zambiri, liwiro, mowa, tulo, misewu. Koma mwa zonsezi, tayala ndi chinthu chimene munthu angachione ndi maso galimoto isananyamuke.

Tsiku lina ndikudikira minibasi kuti idzaze, ndinamvetsera mkangano pa omata ena pafupi ndi siteji. Bambo wina anabwera ndi tayala long'ambika m'nthiti, bala lake lotalika ngati chala. Mkulu womata, wa imvi zake, analitembenuza kawiri n'kunena kuti, "Bwana, ili ndiye ayi. Ndikamata ine, mukaphedwa nalo." Bambo uja anapsa mtima. "Madala, ine ndabwera kudzamatitsa, sindinabwere kudzalalikidwa. Mukufuna ndigule lanu lakaunjikalo eti?" Ananyamula tayala lake n'kupita kwa mnyamata wa pafupi pomwepo, amene analilandira ndi manja awiri. Mkulu uja anataya kasitomala chifukwa chonena zoona, ndipo mnyamata uja anaphunzira kuti kukana ndi kugona ndi njala. Umu ndi m'mene msika wathu ukuphunzitsira omata. Tikamawaloza chala, tikumbuke kuti ndife amene timalipira bodza n'kuthawa chilungamo.

Mau a bambo aja akutifikitsa pa matayala a kaunjika, amene ambiri amathawirako tayala likakanika kumatika. Si onse oipa, koma akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Tayala lopakidwa polishi limanyezimira ngati latsopano ngakhale lili nkhalamba. Mwayi wake ngwakuti tayala lililonse limanyamula chiphaso chake chobadwira. Yang'anani m'nthiti pamene palembedwa kuti DOT, mutsate mpaka pa manambala anayi omalizira. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Mukaona 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Mukapeza manambala atatu okha, limenelo ndi la chaka cha 2000 chisanafike, lisiyeni likhale chikwangwani. Mphira imakalamba ngakhale tayala lisakuyenda, imauma n'kuchita ming'alu. A Michelin amalangiza kuti tayala likapitirira zaka zisanu lizionedwa ndi wodziwa chaka ndi chaka, ndipo likakwana zaka khumi lichotsedwe ngakhale mano akuoneka.

Yang'ananinso m'mizere ya tayala. Muli timizere tina topingasa totukuka pang'ono, tosonyeza pamene mano atsala mamilimita 1.6. Mano akalingana ndi timizere timeneti, tayala latha, ndipo pa msewu wonyowa limayandama pamadzi m'malo mogwira phula. Chenjerani ndi akatswiri ena amene amasema mizere yatsopano pa tayala losalala ngati dazi. Pa tayala la galimoto yaing'ono mpeni wawo umafika pafupi ndi mawaya. Chenjeraninso ndi matayala okhala ndi chithunzi cha phiri ndi kanyenyezi ka chipale m'kati mwake, amene amabwera ndi galimoto zina zochokera ku Japan. Amenewo anapangidwira nyengo ya chisanu choopsa, mphira yake ndi yofewa, ndipo pa kutentha kwa ku Chikwawa kapena ku Tete imatha msanga.

Chinanso chimene a maminibasi amachidziwa koma amachiponda dala ndi kulemera kumene tayala linapangidwira. Nambala imene ili pambuyo pa saizi ya tayala imanena zimenezi. Nambala 91 ikutanthauza makilogalamu 615 pa tayala limodzi, pamene 106 ikutanthauza makilogalamu 950. Matayala oyenera minibasi amakhala ndi chilembo C pambuyo pa saizi, monga 195R15C, kusonyeza kuti ndi a galimoto zonyamula katundu. Tsono wina amagula tayala la galimoto yaing'ono poti ndi lotchipa ndipo likulowa pa limu, n'kuliveka pa minibasi imene idzanyamule anthu anayianayi pa mpando, matumba a mbatata pansi pa mipando ndi mabelo kumbuyo. Pamwamba pa zonsezo tayalalo lili ndi mapulagi atatu. Likaphulika potsetsereka pa Chiweta kapena pa Khwekhwelere, pa maliro tidzamva kuti chinali chifuniro cha Mulungu. Abale, tisamamunamizire Mulungu zinthu zimene tinazigula tokha pa msika.

Amene akuganiza kuti ndikukuza nkhani amve zimene zinachitika ku America. Mu Ogasiti 2000 kampani ya Firestone inaitanitsa matayala 6.5 miliyoni kuti abwezedwe, ambiri mwa iwo ali pa galimoto za Ford Explorer, chifukwa chikopa chake chimasendeka pa liwiro galimoto n'kugubuduzika. Anthu oposa 200 anafa, ndipo ngozi zambiri zinachitika m'madera otentha. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhazikitsa lamulo lotchedwa TREAD Act, limene pambuyo pake linachititsa kuti galimoto zatsopano zizikhala ndi kachipangizo kochenjeza dalaivala mpweya ukachepa m'tayala. Amenewo anali matayala ochokera ku fakitale, oyenda pa misewu yosalala. Ngati kutentha ndi kuchepa kwa mpweya zinathandiza kusenda matayala otero, kuli bwanji lathu lija la zigamba, pa msewu wa M1 masana a mu Novembala?

Ndiye ndani achitepo kanthu? Ndiyambe ndi inu a boma. Tili ndi lamulo la za pamsewu la 1997, tili ndi nthambi yoona za pamsewu imene imapereka COF, tili ndi a polisi pa zipata. Koma COF imaona galimoto tsiku limodzi, ndipo si chinsinsi kuti tayala labwino limatha kubwerekedwa m'mawa n'kubwezedwa madzulo. Wa trafiki amene amayang'ana mapepala okha pa galasi osawerama kuona matayala, ndi cham'kati momwe, wagwira theka la ntchito. Inu a Malawi Bureau of Standards, amene mwakhalapo kuyambira 1972, tayala lokalamba ndi loopsa kuposa zambiri zimene mumalanda m'masitolo. Liyenera kuimitsidwa pa chipata cholowera m'dziko lisanafike pa msika. Inu a TEVETA, ntchito yomata matayala ndi luso ngati ukalipentala. Maphunziro a masabata ochepa, kachiphaso kopachika pa mtengo paja, ndi thandizo logulira zigamba zoyenera, zingasinthe zambiri, ndipo kasitomala angadziwe kumene akupita. Inu oyang'anira misewu, kuyambira 2021 oyendetsa galimoto akhala akulipira pa zipata za msonkho monga cha pa Chingeni. Dzenje la pamsewu ndilo limadula ulusi wa m'nthiti n'kubala zotupa zija, choncho dzenje lililonse losakwiriridwa ndi msonkho wachiwiri umene munthu amakalipira kwa wogulitsa matayala.

Inu a bungwe la eni maminibasi la MOAM, musadikire a polisi. Mwini galimoto amene amadula malipiro a dalaivala chifukwa choima kukonzetsa tayala, akumuuza dalaivalayo kuti aziyenda ndi imfa. Gwirizanani zoodera matayala pamodzi kuti mtengo utsike, poti mutu umodzi susenza denga. Ndipo a CAMA, amene mumalankhulira ogula, nkhani iyi ndi yanunso. Wokwera minibasi ndi wogula, ndipo chimene walipira ndi kukafika wamoyo.

Kwa inu achimwene omata, mau anga ndi awiri. Oyamba, phunzirani kukana, ndipo gwirizanani pa malo panu kuti tayala limene mmodzi walikana, wina asalilandire. Muuzeni kasitomala mitengo iwiri poyera, wa pulagi yomufikitsa kunyumba ndi wa chigamba chokhalitsa, asankhe akudziwa. Achiwiri, dzisamaleni nokha. Tayala lowonongeka limatha kuphulika likupopedwa, ndipo woyamba kuvulala ndi amene waliweramira. Imani chapambali popopa. Mchitidwe wothira petulo m'tayala n'kuyatsa machesi kuti likhale pa limu ndi masewera a moto, usiyeni.

Kwa madalaivala, zambiri zimene zimateteza tayala n'zaulere kapena zotchipa. Yezani mpweya m'mawa matayala asanatenthe, ndi geji osati ndi chidendene cha nsapato. Muyezo woyenera unalembedwa pa kapepala ka pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimoto. Tayala lochepa mpweya limapindika mopitirira, limatentha, limamwetsa mafuta ambiri, ndipo ndilo limaphulika. Mukamva kuti tayala laphwa, imani pamalo abwino msanga. Mamita ochepa amene mukukakamira kuti mufike pa omata ndiwo amasandutsa bowo la msomali kukhala tayala lotaya. Sipeya ikhale ndi mpweya, jeke ndi sipanala zikhalemo. Kasipeya kowonda kaja kamene kamabwera ndi galimoto zambiri za ku Japan n'kongokufikitsani pa omata, ndipo sikayenera kupitirira makilomita 80 pa ola. Tsoka likagwa tayala n'kuphulika muli pa liwiro, gwirani chiwongolero ndi manja awiri, musaponde buleki mwadzidzidzi, chepetsani moto pang'onopang'ono galimoto ifooke yokha, kenaka patukani.

Otsala ndife okwera, ndipo ndife ambiri kuposa onsewa. Mayi amene akukaoda nsalu amatembenuza chitenje kawiri kufuna chilema, amawerenga chenji kawiri, koma minibasi imene ikamuyendetse makilomita 300 amangolowa poti woitanira wamulanda chikwama. Wophunzira amene amatha kutsutsana ndi aphunzitsi ake za demokalase amakhala chete pamwamba pa tayala loonetsa mawaya. Kuzungulira galimoto kamodzi musanakwere sikutenga mphindi. Mukaona chotupa, mawaya, ming'alu kapena dazi, tsikani mukwere ina, ndipo nenani mokweza chifukwa chake kuti anzanu amve.

Ndikudziwa kuti kondakitala akuyankhani mwachipongwe, akuuzani kuti mugule yanu. Ndikudziwanso kuti madzulo, galimoto zikasowa, munthu umakwera chilichonse chimene chaima. Koma m'mawa pa depoti ya Wenela kapena ya ku Lilongwe galimoto zimakhala zambiri, ndipo pamenepo mphamvu ili ndi ife. Mwini minibasi samva ulaliki, samvanso nkhani za m'nyuzipepala ngati ino, koma mipando yopanda anthu amaimva msanga. Tsiku limene anthu asanu adzatsike m'galimoto yake chifukwa cha tayala, mawa lake ndalama ya tayala idzapezeka. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funsani womata ngati wavula tayala n'kuona m'kati, funsani wogulitsa chaka chimene linapangidwa, ndipo yang'anani pansi musanakwere.